Azakhali a Jenoveva ndi Phazi la Che Amadu

Sabata yatha tinali ku Massangulo ku misa yokumbukira azakhali anga, a Jenoveva, pakuti chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Anthu anabwera ochepa. Mvula inali itaononga msewu, komanso ambiri amene ankawadziwa bwino anatsogola kale. Mkulu wa mpingo poyankhula anati malemuwa anali mphunzitsi wofatsa. Ine ndi mchimwene wanga tinangoyang'anizana. Azakhali sanali ofatsa. Anali mlongo wawo wa bambo anga, oyamba kubadwa, ndipo pabanja pathu panalibe amene anapulumuka lilime lawo.

Anali aafupi, oonda, oyenda mwandawala ngati sitima ikuwasiya. Tiyi ankamwa choimirira. Munthu ukawauza kuti chakutichakuti chimachiritsa, ankakufunsa kuti unachiona ndi maso ako kapena unangomva, ndipo ukati unangomva ankatembenuka n'kumapita iwe ukuyankhulabe. M'zaka zawo zomaliza ankavala malaya a manja aatali ngakhale m'chilimwe, pamene ku Cuamba kumatentha moti munthu amasowa pokhala. Anthu ankati ndi ulemu umene anaphunzira ku mishoni, koma sichinali chimenecho. Ankabisa zipsera ziwiri pa mkono wamanzere.

Cuamba yonse inkawadziwa ndi dzina loti Pulofesola. Anaphunzitsa kimika, sayansi ya mankhwala, ku sekondale zaka zambirimbiri, moti anamwino, apolisi ndi ogulitsa matikiti a sitima ambiri anadutsa m'manja mwawo. Amuna awo, Che Amadu, nawonso ankawaitana Pulofesola, koma iwo ankalitchula dzinalo molikoka, ngati akuseka.

Che Amadu anali Msilamu wa ku Mandimba, wogulitsa makapulana, zitenje zija, ndi zipangizo za njinga. Ukwati wawo unakanidwa mbali zonse. Agogo anga ku Massangulo anati mwana wawo watayika. Ku Mandimba mlongo wawo wa Che Amadu, Abiti Saidi, anati mkazi wosaphimba mutu sangalowe m'khitchini mwake. Palibe amene anasiya chipembedzo chake. Lachisanu mwamuna ku mzikiti, Lamulungu mkazi ku tchalitchi, masiku otsalawo n'kumakangana: za mchere wa m'ndiwo, za wailesi, za amene wasiya chitseko chosatseka. Mwana sanakhale naye. Ine nyumba yanga inali kuseri kwa mpanda wawo, ndipo tsiku limene sindinamve mkangano ndinkapita kukaona ngati wina wadwala.

Atakula kale, pa msinkhu umene anzawo ankaganiza zopuma ntchito, azakhali anapeza mwayi wokaphunzira ku Brazil. Kumeneko anakagwira ntchito m'chipinda cha kafukufuku mmene ankapanga tinthu tothandiza mabala kupola. Atabwerera sankayankhula za nyanja kapena za mizinda ya kumeneko ayi, koma za tinthu timeneto basi. Ankati bala likakula, mnofu sungathe kulumpha kuchoka mbali ino kukafika mbali inayo, umafuna pokwawa. Ndiye munthu amapanga kanthu kofewa, kodzaza timabowo ngati chinkhupule chosambira, n'kukaika m'balamo. Mnofu watsopano ndi timitsempha ta magazi zimalowa m'timabowomo n'kumamanga, kanthuko n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka kutheratu m'thupi. Timabowo tikachepa mnofu sulowa, tikakulitsa kanthuko kamafumbutuka. Ankafotokoza zimenezi paliponse, ngakhale pamaliro, ndipo ife tinkangovomera kuti nkhani ithe. Dzina lake lenileni linali lalitali, la Chipwitikizi. Ife tinkangoti tizinkhupule ta azakhali.

Palibe amene ankaganiza kuti zimenezi zidzalowa m'nyumba mwawo momwe.

Che Amadu anali ndi matenda a shuga, ndipo mapazi awo anali atachita dzanzi. Tsiku lina akusamba kuti akaswali anaona madzi afiira. Msomali unali utaboola nsapato n'kuwalasa kuphazi, iwo osamva kanthu. Kabalako kanali kakang'ono ngati njere ya nyemba. Ankapita kuchipatala kukatsukitsa, kumwa mankhwala, kumanga bandeji. Bala silinatsekeke. Dzinja litadutsa linali dzenje loti chala chachikulu n'kulowamo.

Ndi pamene azakhali anasesa kachipinda ka kuseri, kamene kale ankasungamo makala, n'kukokeramo jeleira, firiji yaikulu youmitsa madzi imene ankasungiramo nyama. Anaitanitsa ku Nampula ufa wina woyera umene ukausungunula m'madzi otentha umalimba ngati phala lozizira. Che Amadu anatenga paketiyo n'kuitembenuza.

"Pulofesola, ufa uwu amapanga ndi chiyani?"

"Zikopa ndi mafupa."

"A nyama yanji?"

Azakhali sankatha kunama. Anati sakudziwa, koma nthawi zambiri imakhala nkhumba.

"Ndiye kaitaneni wodula adule mwendowu lero lomwe," anatero Che Amadu, n'kuika paketiyo pansi.

Anakangana mpaka anthu anaima mumsewu. Azakhali ankati Mulungu sangakane munthu chifukwa cha kaufa koikidwa pa bala. Che Amadu ankati Mulungu wa ku Massangulo mwina sangakane, koma iwo amadziwa wawo. Mawa lake azakhali anakwera sitima ya ku Entre Lagos ndi ndowa ziwiri, chifukwa zomwezo zimapezekanso m'zikopa za nsomba.

Azimayi ogulitsa nsomba kumeneko amaikambabe nkhaniyi mpaka lero: gogo wovala magalasi amene ankagula milamba yaiwisi, n'kuisenda pomwepo, kutenga zikopa n'kuwasiyira mnofu. Ena ankati ndi wamisala, ena ankati ndi zizimba za malonda. M'sitima anthu ankasamuka pa mpando chifukwa cha fungo. Iwo analibe nazo ntchito. Ankangoyang'anira madzi oundana a m'ndowamo kuti asasungunuke asanafike kunyumba.

Ntchito yake inali yotopetsa. Ankatsuka zikopazo kambirimbiri, kuzinyika m'vinyagiri, kuzitsukanso, kenako kuziika m'madzi ofunda koma osawira mpaka madziwo atachita tambetambe ngati therere. Ankasefa pa nsalu yoyera, kuthira m'timbale, n'kuika mu jeleira. Madzi akauma ankapanga timinga ta ayezi m'katimo. Ndiye ankamiza timbaleto mu sipiriti wozizira kwambiri wa ku famasi, amene ankachotsa ayeziyo n'kusiya timabowo pamene panali timinga tija. Pomaliza ankatiwamba mu uvuni nthawi yaitali kuti tilimbe, tisasungunuke msanga tikakhudza bala. Che Amadu ankadandaula kuti nyumba ya Msilamu ikununkha ngati kophikira kachasu, ndipo anzawo a ku mzikiti asiya kubwera.

Chimene chinkawapweteka azakhali ndi magetsi. Akazima ayezi ankasungunuka, timabowo n'kufota, ntchito ya sabata yonse n'kusanduka phala. Ndinawaonapo masana dzuwa lili paliwombo akuthamanga mumsewu, timbale atatikulunga m'bulangete, kupita kwa mwini golosale wina amene anali ndi jenereta. Anakagogoda mpaka munthuyo anatsegula. Pofika pamenepo bulangete linali litanyowa kale. Anabwerera, anadula kachinkhupule kamodzi ndi lezala, anakayang'ana pa galasi lokulitsa zinthu, n'kutaya zonse kudzala. Kenako anakhala pansi pa dothi pomwepo, miyendo atatambasula, akulira mokweza ngati pamaliro. Ine ndinali ndisanawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a agogo. Nditayandikira anandikalipira kuti ndisawataitse nthawi, ndikafunse ngati sitima ipite mawa.

Pa nthawi yonseyi phazi linkaipiraipira. Zala ziwiri zinada.

Tsiku limene tizinkhupule tinatuluka bwino anandiitana. Kanali kanthu koyera, kopepuka ngati thonje, ukakafinya kankabwerera. Anakadonthezera madzi ofiira pamwamba, madziwo n'kutulukira pansi. Anati ndiye kuti timabowo talumikizana. Kenako anapinda dzanja la malaya n'kundiuza kuti ndiwagwire mkono.

"Mukufuna kutani, azakhali?"

"Sindingaike pa munthu chinthu chimene sichinayesedwepo. Gwira apa."

Ndinakana. Ndinati ndikaitana Che Amadu.

"Ukaitana ndani? Munthu wosatha kuimirira? Ngati sukugwira, tuluka."

Sindinagwire ndipo sindinatuluke. Analuma nsalu, anatenga kampeni ka kuchipatala, n'kudzisema mabala awiri ofanana, lina pafupi ndi linzake. Pa lina anaika kachinkhupule, linalo anangolimanga. Anati popanda lachiwirilo sangadziwe ngati chapoletsa ndi kanthuko kapena ndi thupi lokha. Thukuta linali chuchuchu.

Mabala onse awiri anapola. Kachinkhupule kanasungunukadi m'mnofu, osasiya mafinya. Azakhali ankati lokhala ndi kanthuko linatsekeka msanga ndipo chipsera chake n'chosalala. Ine ndinayang'anitsitsa, kwa ine zinali zofanana, koma sindinanene.

Amene ankayang'anira phazi la Che Amadu kuchipatala anali bambo Alimando, wochita maopaleshoni, amene azakhali anamuphunzitsa ali mnyamata. Tsiku lokaonetsa bala tinapita tonse, azakhali atanyamula botolo lotsekedwa bwino. Alimando anamasula bandeji, anagwira phazi, anafufuza mtsempha pa kakolo. Kenako anati mwendo uyenera kudulidwa pansi pa bondo sabata yomweyo.

Azakhali anaika botolo patebulo, anavula mkono, n'kuyamba kufotokoza mofulumira, Chipwitikizi ndi Chinyanja zitasakanikirana. Alimando anamvetsera mpaka kumapeto.

"Pulofesola, ndikuona kuti mwagwira ntchito yaikulu. Koma sindingaike."

"Iwe Alimando, wayang'ana mkonowu?"

"Ndayang'ana. Ndi mkono umodzi, wa munthu wopanda shuga, woyenda magazi. Chinthuchi chapangidwira m'chipinda cha makala, sindikudziwa chimene chili m'katimo. Ndipo ngakhale chikanachokera kunja m'paketi yomata, gwirani phazili, mayi. Likuzizira."

Pamenepo azakhali anagwada pa simenti. Munthu amene moyo wake wonse ankamutchula kuti iwe anayamba kumutchula kuti inu.

"Bambo Alimando, chonde. Mungoyesa sabata imodzi. Zikakanika mudule. Ndilibe wina, bambo. Ndilibe mwana, ndilibe aliyense. Ndi awa basi."

Alimando anadzuka pa mpando, anayesa kuwadzutsa, iwo anakana. Ndiye nayenso anagwada, wamkulu wonseyo ndi chovala chake choyera.

"Mukachedwa sabata imodzi tidzadula pamwamba pa bondo," anatero motsitsa mawu. "Mukachedwa ziwiri sipadzakhala chodula."

Che Amadu anati iwo sadulitsa, akufuna kukafera kwawo ali athunthu. Tinabwerera kunyumba.

M'mawa mwake ndinawapeza Che Amadu atagona pa mphasa pakhonde, thupi likutentha, phazi atalisanjika pa pilo. Anaitana akazi awo.

"Pulofesola, bweretsani kanthu kanu kaja. Muike nokha, pompano. Mwendowu ndi wanga, si wa Alimando."

Zimenezi ndi zimene azakhali ankafuna miyezi yonse ija. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anayala nsalu yowiritsa, anatsegula botolo. Anamasula bandeji. Fungo linatuluka loti ntchentche zinafika nthawi yomweyo. Kuda kuja kunali kutadutsa zala, kukukwera chakukakolo. Anatenga kachinkhupule ndi kopanira, anakayandikitsa pa bala, n'kuima. Ndi dzanja linalo anadina khungu la pamwamba pa phazi. Pamene anadinapo panatsala dzenje, magazi osabwerera. Anadinanso chapamwamba. Chimodzimodzi.

Anabweza kachinkhupule m'botolo n'kutseka.

"Sindiika."

"Mwati chiyani?"

"Kanthu aka kamafuna magazi kuti kagwire ntchito. Muno mulibe magazi. Ndikatseka pamwamba, zoolazo zipita m'kati, ndipo Lachisanu likudzali tikuikani."

"Mwandinunkhitsa nsomba chaka chonse! Mwadzicheka mkono! Mwagwadira mwana! Lero ndavomera ine, inu ndiye mukukana?"

"Eya, ndikukana."

Che Amadu anaponya kapu ya madzi, inakaswekera pa khoma. Anawatukwana m'Chiyao mawu amene sindingawalembe. Kanali koyamba kuwaona azakhali akutukwanidwa osabweza. Anamanganso bandeji bwinobwino, anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndikapeze galimoto. Amuna oyandikana nafe ndi amene anawanyamula Che Amadu. Kuchipatala Alimando anawafunsa ngati akuvomera. Che Amadu anayang'ana kukhoma n'kunena kuti achite zimene agwirizana ndi mphunzitsi wawo.

Mwendo unadulidwa pansi pa bondo, ndipo anachira.

Che Amadu atangotuluka m'chipatala, Abiti Saidi anabwera ndi ana ake aamuna n'kuwatenga kupita nawo ku Mandimba. Anaima pabwalo n'kulengeza kuti mlongo wake anasandutsidwa mbuzi yoyeserapo mankhwala, kuti mkazi wosabereka anamuchedwetsa ndi zikopa za milamba mpaka mwendo unaola. Anthu ambiri anakhulupirira. Choipa kwambiri n'chakuti azakhali nawonso anakhulupirira. Alimando anawauza mobwerezabwereza kuti palibe tsiku limene wodwalayo anajomba kuchipatala, kuti mitsempha inali itatsekeka kalekale, kuti palibe chimene chikanasintha. Iwo ankangopukusa mutu. Nthawi zina ankati akanayamba msanga kanthu kaja kakanapeza magazi akadalipo. Nthawi zina ankati akanapanda kuyamba n'komwe, akanaliona phazilo ndi maso abwino. Ankasinthasintha pakati pa ziwirizi mpaka imfa yawo.

Loweruka lililonse ankakwera shapa, minibasi ya ku Mandimba, atanyamula mankhwala a shuga ndi malaya ochapa. M'nyumba sankaloledwa. Ankakhala pa mwala panja, dzuwa likuwaomba, mpaka nthawi ya shapa yomaliza. Che Amadu ankadziwa kuti ali panjapo koma sankatuluka. Ine ndinawauza kuti asiye kudzichotsa ulemu. Anandifunsa ngati ulemu umabaya munthu jakisoni.

Zinatha popanda kupepesana. Tsiku lina chakumasana njinga yamoto inaima pa chipata, Che Amadu ali kumbuyo, ndodo zoyendera atazipingasa pa miyendo. Anatsika movutikira, anakana kugwiridwa, anakhala pa mpando wawo wa pakhonde.

"Kumene kuja akundipha ndi tiyi wa shuga," anatero. "Nanga chitseko ichi wasiya chosatseka ndani?"

"Amene wangolowa kumene," anayankha azakhali.

Ndinamva ndili kuseri kwa mpanda, ndipo ndinadziwa kuti abwereradi.

Anakhalanso limodzi zaka zingapo, akukangana ngati kale, koma za phazi sanazitchulenso pamaso panga. Che Amadu anamwalira ndi mtima. Anakaikidwa ku Mandimba tsiku lomwelo monga mwa mwambo wawo, ndipo azakhali, poti ndi mkazi, kumanda sanafikeko. Anatsala pabwalo la Abiti Saidi pakati pa azimayi amene sankawayankhula.

Tinkaganiza kuti tizinkhupule tithera pomwepo, koma ndi pamene anachita kunyanya. Sitima ya ku Entre Lagos ankaikwerabe, miyendo ikuwawawa. Ankatumiza zithunzi pa foni kwa anzawo a ku Brazil, ndipo ankayankhidwa mwaulemu kuti ntchitoyo ndi yosangalatsa, koma pafunika kuyesa pa nyama, pafunika zipangizo, pafunika chilolezo, pafunika zaka. Iwo zakazo analibe. Anayenda ndi botolo lawo m'maofesi ku Lichinga ndi ku Nampula, n'kumadikira pa mabenchi. Anapempha aphunzitsi achinyamata kuti abwere adzaone kapangidwe kake. Anabwera kamodzi, fungo linawabweza. Kumsika akaona munthu womanga nsanza pa mwendo ankamuimitsa, kumumasula, kumudina khungu, n'kumukalipira kuti apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ena ankawapempha mankhwala awo aja, ena mpaka kufika kunyumba atanyamula nkhuku. Sanapatsepo munthu ngakhale mmodzi. Ankati chinthu chosayesedwa si mankhwala, ngakhale wopangayo atachikonda chotani.

Anagwa m'mawa wina akutunga madzi pa mpopi. Mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panapotoka. M'chipatala ankayesetsa kundiuza chinachake, dzanja lamoyolo likundikoka malaya, maso ali tong'o. Ndinawerama, ndinatchula maina a abale, ndinatchula wansembe, ndinatchula madzi. Ankangopukusa mutu mokwiya. Anamwalira ndisanamve chimene ankafuna.

Pochokera ku misa kuja ndinadzera kunyumba kwawo. Ine ndinasamuka m'deralo, ndipo nyumbayo tsopano mukukhala banja lina la ku Etatara. Mayi wa m'nyumbamo anandilola kuzungulira kuseri. Kachipinda kaja chitseko chinachoka, anachitenga kukatsekera khola la nkhunda. M'katimo mulibe kanthu. Pa simenti pali malo amodzi oyererapo pamene pankakhala jeleira, ndipo waya wa magetsi ukulendewera pa khoma, nsonga yake atakulunga pulasitiki. Mavu amanga zisa pa denga. Mayiyo anati akufuna kudzaikamo chimanga akakolola. Anali akusesa pakhomo la kachipindako, ndipo anandifunsa kuti kodi gogoyo ankachita geni yanji m'menemo.

Ndinati sinali geni, ankafuna kupulumutsa phazi la amuna awo.

"Linapulumuka?"

Ndinati ayi.

"Pepani," anatero, n'kupitiriza kusesa.